Kodi tikasamuka, mwanayu asintha?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa mu Blantyre. Anandipempha kuti ndisatchule dzina lawo ngakhale dera limene akukhala, ndiye ndadula malonje ndi zina n'kusiya pakati pakepo:

"Ndili ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 15 amene ali Fomu 2 ndi mtsikana wa zaka 6. Timakhala nyumba za mdadada, mabanja asanu ndi atatu bwalo limodzi. Chaka chino mnyamatayu wayamba kujomba kusukulu, akumabwera kunja kutada, ndipo tsiku lina pochapa ndinamva fungo la chamba pa juzi yake. Ine ndikuti vuto ndi dera lino, tisamuke. Ndapeza nyumba ya mumpanda kumalo a phee, koma lendi yake ndi kawiri ya kuno. Bambo ake akuti kumeneko n'kutaya ndalama, khalidwe ndi la m'magazi, watengera amalume ake. Apongozi akuti timutumize kumudzi. Inu amene mumawerenga zambiri, kodi malo amasinthadi munthu?"

Mayi, pepani ndi mtolo umenewu. Ndiyankhe mwachindunji kaye: inde, malo amasintha munthu, ndipo umboni wake ndi wolimba. Koma zimene ndawerenga zikundiuza kuti amene angapindule kwambiri mukasamuka ndi ka mtsikanako, amene m'kalata yanu mwangomutchula podutsa. Kwa mnyamatayo nkhani ndi yopota, ndiye khalani pansi.

Tiyambe ndi bambo akunyumbako ndi mfundo yawo ya magazi. Si yawo okha. Tonse tinakula tikumva kuti make mbuu, mwana mbuu, ndipo ku America zaka 100 zapitazo anthu ophunzira bwino ankanena poyera kuti mitundu ina ya anthu ndi yakuba chibadwire. Akatswiri awiri a mumzinda wa Chicago, Clifford Shaw ndi Henry McKay, anagwira ntchito yotopetsa pofuna kuona ngati zili zoona. Anatenga mafayilo a khoti la ana, n'kumaika kadontho pamapu a mzindawo pamene mwana aliyense wozengedwa mlandu ankakhala. Anachita zimenezi ndi milandu ya zaka za 1900 mpaka 1906, ya 1917 mpaka 1923, ndi ya 1927 mpaka 1933. Timadonthoto tinaunjikana m'madera oyandikana ndi pakati pa mzinda, m'mbali mwa mafakitale ndi njanji, kumene lendi inali yotsika. Ukamatalikira kumeneko timanka tichepa.

Mpaka pamenepa bambo angangoti, "Eya, kumeneko n'kumene kumakhala mtundu woipawo." Koma taonani. M'zaka zonsezo anthu okhala m'maderawo anali atasinthiratu. Poyamba munkakhala ochokera ku Germany, ku Ireland ndi ku Scandinavia. Iwowa atapeza bwino anasamukira kunja kwa mzinda, m'nyumba zawo n'kulowa ochokera ku Poland ndi ku Italy, kenako anthu akuda ochokera kum'mwera kwa dzikolo. Chilankhulo cha mumsewu chinasintha, matchalitchi anasintha, magazi amene akunenedwawo anasintha, koma timadontho tinakakamira pomwepo. Ndipo ana a mitundu imene inasamukayo, atafika kumadera ena, milandu yawo inatsika. Zimenezi anazisindikiza mu 1942.

Iwo ankafotokoza kuti m'madera oterewa anthu amangodutsamo. Aliyense akuyembekeza tsiku lotuluka, ndiye palibe amene amadzivutitsa kudziwa mwana wa neba. Pamene akuluakulu sakudziwana, anyamata okulirapo ndiwo amasanduka aphunzitsi, ndipo luso limatsalira pamalopo ngakhale eni ake atachoka. Zili ngati phada. Atsikana amene akusewera pabwalo lanulo lero sanakumanepo ndi amene ankasewera pomwepo zaka 30 zapitazo, koma malamulo ake ndi omwe aja, ndipo palibe kholo limene linawakhazika pansi kuwaphunzitsa.

Komabe bambo ali ndi poyankhira, ndipo ndisawapondereze. Anganene kuti mabanja amene anakwanitsa kusamukawo anali akhama kale, ndiye ana awo akanalongosoka ngakhale akanapanda kusuntha. Funso limeneli linavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri, chifukwa sungadziwe ngati chathandiza ndi malo atsopano kapena mtima wa kholo limene linaganiza zosamukalo. Njira yokhayo yolekanitsira ziwirizi ndi kuchita mayere. Boma la America linachitadi zimenezo.

Pakati pa 1994 ndi 1998, m'mizinda isanu, Baltimore, Boston, Chicago, Los Angeles ndi New York, mabanja pafupifupi 4,600 okhala m'nyumba za boma m'madera osaukitsitsa analowa m'ndondomeko yotchedwa Moving to Opportunity. Ambiri anali amayi olera okha ana, ndipo ambiri atafunsidwa chifukwa chofunira kuchoka anatchula zomwe mwatchula inuzo: magulu a anyamata ovuta ndi mankhwala ozunguza bongo. Mayere anawagawa patatu. Ena analandira kuponi yolipirira lendi yogwira ntchito pokhapokha akasamukira kudera kumene osauka sakwana 10 pa anthu 100 alionse. Ena analandira kuponi yopita nayo kulikonse. Otsalawo sanalandire kuponi. Kenako akatswiri anawatsatira kwa zaka zambiri.

Zotsatira zoyamba zinakhumudwitsa anthu. Makolo amene anasamuka sanayambe kupeza ndalama zambiri kuposa anzawo, ndipo ana sanakhoze mayeso mopambana mooneka. Chimene chinasintha ndi mtima ndi thupi la amayiwo: nkhawa zinachepa, ankadzimva otetezeka, ndipo patapita zaka 10 mpaka 15 matenda a shuga ndi kunenepa koopsa zinali zochepa pakati pawo. Ine pamenepa sindipaona ngati pang'ono. Mayi amene akugona tulo usiku ndi mayi wina poyerekeza ndi amene amadzidzimuka galu akauwa, ndipo inunso mukuwerengedwa m'nyumbamo, musadziiwale.

Nkhani inatembenuka ana aja atakula. Raj Chetty, Nathaniel Hendren ndi Lawrence Katz a pa yunivesite ya Harvard anafufuza m'mabuku a msonkho kuti aone zimene anawo akupeza atafika zaka za m'ma 20, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Amene anasamukira kumadera abwino asanakwanitse zaka 13 ankapeza 131 pamene anzawo otsala akupeza 100. Ofika ku koleji anachulukirapo kuposa pakati pa otsalawo, ndipo atsikana olera ana opanda bambo anali ocheperapo. Koma amene anasamuka atapyola zaka 13 sanapindule, mwinanso anatsalira pang'ono poyerekeza ndi anzawo amene sanasunthe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ubwino wa malo umalowa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, ngati mvula yamvumbi. Mwana wa zaka 6 ali ndi zaka zoposa khumi zoti anyowe nayo. Wa zaka 15 watsala ndi zochepa, pamene kuzulidwa kumene kuli ndi bala lake: anzake onse atsala, sukulu mwina yasintha, kumalo atsopano ndi mlendo amene akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kwa wamng'ono phindu limaposa balalo. Kwa wamkulu ziwirizi zimangofanana, nthawi zina bala n'kupambana. Akale ankati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo apa mabuku a msonkho a ku America akuvomerezana nawo.

Pali chinanso chimene chikukukhudzani kwambiri. Pa achinyamata amene anasamuka, atsikana ndi anyamata sanayende njira imodzi. Atsikana anapepukidwa mumtima, nkhawa ndi makhalidwe oika moyo pachiswe zinachepa. Anyamata ambiri zinawavuta, moti patapita zaka zingapo omangidwa pa milandu yakuba anali ochulukirapo kuposa pakati pa anzawo otsala. Akatswiri ena anapita kukacheza ndi achinyamatawo ku Baltimore ndi ku Chicago kuti amve chimene chinachitika. Anapeza kuti anyamata anapita kumalo atsopano ndi chizolowezi chawo chocheza panja, pamphambano kapena pabwalo la mpira, chimene kumeneko chinkakopa maso a maneba ndi apolisi. Anzawo amene anawalandira msanga nthawi zambiri anali ovuta a kumeneko. Ndipo posamuka ambiri anatalikirana ndi amuna akuluakulu amene ankawayang'anira kwawo kuja, kaya bambo owapeza, kaya amalume. Chicago si Blantyre, zimenezo n'zoona, koma mnyamata wa zaka 15 amene waikidwa mumpanda wopanda mnzake ndikumudziwa chimene amachita. Amakwera minibasi kubwerera kumene kuli anzake, ndipo tsopano akucheza kutali kumene maso anu safika.

Tsono chimene chimaumba mwana pamalo n'chiyani kwenikweni, popeza si dothi kapena mpweya? Apa ndiye pamene ndikufuna tikhalitse.

Mu 1995, Robert Sampson ndi anzake Stephen Raudenbush ndi Felton Earls anafunsa anthu 8,782 m'madera 343 a mu Chicago momwemo. Mafunso ake mukanawayankha inunso osaganiza kawiri. Kodi maneba anu angachitepo kanthu ataona ana akuthawa sukulu n'kumangokhala pamphambano? Ataona mwana akulembalemba pakhoma la eni? Ataona mwana akuchitira mwano munthu wamkulu? Ndewu itabuka pakhomo pawo? Anafunsanso ngati anthu a m'deralo amakhulupirirana ndi kuthandizana. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 1997, zinaonetsa kuti kumene anthu ankayankha kuti inde, chiwawa ndi kuphana zinali zochepa, ngakhale poyerekeza madera osauka mofanana. Umphawi unkawononga ndithu, koma mbali yaikulu ya kuwononga kwake inkadzera pomwepa, pophwasula kukhulupirirana kumeneku. Ndipo kunkalimba kumene anthu akhalitsa ndiponso kumene eni nyumba ndi ambiri kuposa alendi ongodutsa.

Anthu ophunzirawa anapatsa chinthuchi dzina lalitali la Chingerezi. Ife tili nalo kale lathu: mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ine ndinakulira m'dera lothithikana ngati lanulo, la ngalande zonunkha ndi mabafa a masaka. Panjira yopita kusukulu panali gogo wina amene ankagulitsa zitumbuwa pakhonde, atakhala pa mpando wa ndalema, nsalu atafunditsa miyendo ngakhale kutentha. Tsiku lina ndili Sitandade 7 ndinakhota ndi anzanga kulowera ku vidiyo m'malo mwa kusukulu, yunifolomu nditaipinda m'jumbo. Gogoyo sanakuwe. Anangondiitana ndi dzina la mayi anga, "Iwe mwana wa uje, sukulu aisamutsira uko lero?" n'kupitiriza kukutira zitumbuwa zake m'nyuzi. Pofika kunyumba madzulo nkhani inali itandipitirira kalekale, inadzera pampopi. Ndinamuda gogo ameneyo chaka chathunthu. Nditayamba ntchito ndinakhalako m'nyumba ya mumpanda, geti lachitsulo, magalasi osweka pamwamba pa khoma. Ndinakhala zaka zitatu osadziwa dzina la neba wanga, ndipo kuti pakhomopo pagwa maliro ndinadziwira tenti. Mwana wa pamenepo akanasuta chamba pageti panga penipeni sindikanadziwa woti ndikamuuze, ndipo kunena zoona sindikanalimba mtima.

Ndiye mukati nyumba mwapezayo ili kumalo a phee, ine funso langa ndi lakuti: phee wake ndi uti? Pali bata la anthu amene akuyang'anirana, ndiye pali bata la anthu amene aliyense wadzitsekera. Kunja zimaoneka zofanana.

Maonekedwe a malo nawo ali ndi mphamvu yake, sindikukana. Mumzinda wa Groningen ku Netherlands, Kees Keizer ndi anzake anamangirira timapepala totsatsa malonda pa mahandulo a njinga zoimikidwa m'kanjira kena kopanda bini. Khoma la m'kanjirako litakhala loyera, anthu 33 pa 100 alionse anataya kapepalako pansi. Atalilembalemba ndi penti, otaya anafika 69. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2008. Ku Philadelphia, Charles Branas ndi anzake anasankha mwa mayere mapuloti osiyidwa, ena n'kuwachotsa zinyalala, kudzalamo kapinga ndi mitengo ingapo, n'kuika kampanda kakafupi kamatabwa. Mu 2018 analengeza kuti m'madera osauka kuwomberana ndi mfuti kunatsika ndi 29 pa 100 pafupi ndi mapuloti okonzedwawo. Munthu akaona kuti pano pali mwini, dzanja limabwerera.

Koma mfundo imeneyi inasocheretsaponso anthu. James Q. Wilson ndi George Kelling atalemba mu 1982 kuti windo limodzi losweka likasiyidwa limaitana kuswa ena onse, apolisi a ku New York m'zaka za m'ma 1990 anaitenga ngati chilolezo chomanga anthu ambirimbiri pa timilandu ting'onoting'ono. Sampson yemwe uja ndi Raudenbush anayendetsa galimoto pang'onopang'ono m'misewu ya Chicago akujambula vidiyo ya zinyalala, mabotolo ndi makoma olembedwa, ndipo anapeza kuti ukawerengera umphawi ndi kukhulupirirana kwa maneba, uvewo pawokha sufotokoza zambiri za milandu yoopsa. Uve ndi chiwawa zimamera pa muzu umodzi. Choncho penti yatsopano ndi maluwa a pageti zisakugulitseni nyumba.

Za kumudzi zija. Apongozi akunena zimene makolo ambiri achitapo, ndipo ena zinawayendera. Chimene kumudzi kuli nacho ndi maso ambiri omwe ndikunenawa, kuphatikizapo ntchito yotopetsa thupi. Koma kumbukirani zimene anaona akatswiri a ku Rhodes-Livingstone Institute ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, pofufuza moyo wa m'migodi ya kopa kumene agogo athu ambiri anakagwirako ntchito. J. Clyde Mitchell, amenenso anakhalako pakati pa Ayao kuno kwathu, anaonerera gule wa kalela ku Luanshya m'zaka za m'ma 1950: anyamata ochokera kumidzi, ogwira ntchito wamba, akuvina Lamulungu masana atatchena mathalauzi osita bwino ndi nsapato zopolisha, nyimbo zawo zikunena za moyo wa m'tauni. Max Gluckman, amene anatsogolerapo bungweli, anaumba mfundo yake mwachidule kuti munthu wa mu Africa akakhala m'tauni ndi wam'tauni, akakhala pamgodi ndi wapamgodi. Munthu yemweyo akabwerera kwawo amagwadira mfumu ngati sanachokepo. Khalidwe lambiri limatsata bwalo limene munthu waimapo. Mmene ndikuonera ine, mnyamata wanu akhoza kukakhala wofatsa kwa agogo ake miyezi isanu ndi umodzi, nonse n'kupuma kuti wachira, koma tsiku lotsika basi ku Wenela adzapeza bwalo lake lakale likumudikira mmene analisiyira. Komanso tisanamizane, chambacho chimalimidwa kumudzi komweko. Ndipo mwana wotumizidwa kumudzi ngati chilango amamva chinthu chimodzi chokha, kuti amutaya.

Nanga mutani? Ndikanakhala ine, nkhani ya nyumba ndi nkhani ya mnyamata ndikanazilekanitsa, chifukwa mwazimanga mtolo umodzi pamene ndi ziwiri.

Ya nyumbayo muiyeze poganizira mtsikanayo ndi inu mwini, ndiponso thumba. Lendi yowirikiza ikatanthauza kuti fizi izivuta, kapena kuti inu muzichoka m'bandakucha n'kumabwera usiku kusaka ndalama yoonjezerayo, ndiye kuti mwagula malo abwino pogulitsa maso anu, amene ndi oyamba pa maso onse. Kusamuka kawirikawiri chifukwa chothamangitsidwa ndi alandilodi kumapwetekanso ana kuposa kukhazikika pamalo apakatikati. Ngati thumba likulola, pitani mukaione nyumbayo Lachiwiri cha m'ma 3 koloko masana, osati Lamulungu m'mawa pamene dera lililonse limaoneka lopemphera. Imani pa benchi ya mayi wogulitsa tomato, mugule mulu umodzi, muloze mwana aliyense wodutsa n'kufunsa kuti ameneyu ndi wa kwa yani. Akamayankha mosajejema, mpaka kukuuzani kalasi yake, kumeneko kuli anthu. Funsani kuti maneba akhalapo zaka zingati, ngati kuli banki m'khonde, mphakati kapena gulu la amayi, ndiponso kuti maliro akagwa amasonkha ndani. Mafunso omwewo mukadzifunsenso za pamene mulipo. Mabanja asanu ndi atatu bwalo limodzi akhoza kukhala chisokonezo, akhozanso kukhala maso khumi ndi asanu ndi limodzi. Zimatengera ngati munawauzapo anzanuwo kuti, "Mukamuona uyu nthawi ya sukulu, ndiimbireni, sindidzakwiya." Masiku ano anthu amaopa kudzudzula mwana wa eni chifukwa makolo ake amabwera ndi mkwiyo, ndiye chilolezocho chimafunika kuchipereka ndi pakamwa.

Ya mnyamatayo ndi yaing'ono kuposa dera lonse. Malo amene akumuumba panopa si Blantyre, si dera lanu lonse, koma mwina kakhonde kamodzi ka shopu, tebulo la pulu, anzake atatu, ndi maola a pakati pa kuweruka ndi kulowa kwa dzuwa. Amenewo ndiwo malo oti musinthe, ndipo safuna lole yonyamula katundu. Dziwani kumene amakhala maola amenewo ndi amene amakhala nawo, mayina awo ndi makolo awo. Kaonaneni ndi aphunzitsi ake kuti kujomba kuzidziwika tsiku lomwelo, osati pakutha pa teremu. Kenako pezani mwamuna wamkulu amene mnyamatayo amamupatsa ulemu mwa iye yekha, kaya kochi wa timu ya m'dera, kaya mmisiri wa pagalaja kapena wowotcherera mageti, woti azimuyembekezera pa ola lodziwika ndi kufunsa akapanda kubwera. Bambo akewo ndiye oyamba pamndandanda umenewu, ndipo mwina mawu akuti "ndi magazi" akuwathandiza kupewa ntchito imeneyi, koma zimenezo mukanene ndinu, ine ndili kutali. Mukadzaganiza zosamuka ndithu, mnyamatayo alowe nawo m'makambirano, akaione nyumbayo, ndipo ngati n'kotheka asasinthe sukulu pakati pa chaka.

Za chambazo musadikire kusamuka. Mufunseni maso ndi maso, pa nthawi imene nonse simunapse mtima, ndipo mukaona kuti chamulowerera, pitani naye kuchipatala akakuthandizeni.

Chinthu chimodzi simunandiuze, ndipo chandikhala pamtima chiwerengereni kalata yanu. Amalume ake akunenedwawo, amene ndikuganiza kuti ndi achimwene anu, munabadwa nawo mimba imodzi, magazi omwewo, koma inu ndi amene mukuchapa majuzi ndi kusaka nyumba. Mukadzandiyankha mundiuze kumene iwowo ankacheza ali ndi zaka 15, ndi kumene munkakhala inu maola omwewo.